Chibale ndi fupa: amayi 50,884 amene analowa m'kafukufuku wa khansa chifukwa cha achemwali awo

Kwangocha kumene. Mayi wina m'tauni ina ya ku America wakwera pampando, kansalu konyowa kali m'manja. Akupukuta pamwamba pa felemu ya chitseko, pamalo pamene tsache silifika, ndipo fumbi limene latsalira pa kansaluko akulitsekera m'kathumba mosamala kwambiri.

Sakukonza m'nyumba ayi.

Patebulo pali kale kaenvulopu ka zikhadabo za kumapazi zimene wawenga. Pambali pake pali kabotolo ka mkodzo woyamba wa tsikulo. Posachedwa wachipatala agogoda pakhomo kuti amuyeze msinkhu, kulemera kwa thupi, kukula kwa chiuno ndi kuthamanga kwa magazi, kenako amutenge magazi pamkono.

Mayiyu sakudwala. M'bere mwake mulibe chotupa, ndipo palibe dokotala amene wamuitana.

Anadwala ndi mchemwali wake.

Zoterezi zinachitika m'nyumba zambirimbiri m'zigawo zonse 50 za dziko la America komanso pa chilumba cha Puerto Rico pakati pa 2003 ndi 2009. Amayi 50,884 a zaka zapakati pa 35 ndi 74 analembetsa maina awo m'kafukufuku wotchedwa Sister Study. Chowagwirizanitsa chinali chimodzi: aliyense anali ndi mkulu wake kapena mng'ono wake wa magazi amodzi amene anapezeka ndi khansa ya m'mawere, pomwe iye mwini anali asanapezeke nayo.

Ena achemwali awo anachira. Ena anali akudwazikabe. Ena anali atabwerako kale kumanda.

Funso limene limatsala pakhomo

Amene anadwazikapo m'bale wake wa khansa amalidziwa funsoli. Limabwera usiku, anthu obwera kudzapepesa atabalalika, mapoto a pamaliro atabwezedwa kwa eni ake.

Tinayamwa bere limodzi. Tinadyera mbale imodzi, kumwa madzi a pachitsime chimodzi, kugona mphasa imodzi. Nanga bwanji matendawa anagwira iyeyu n'kundisiya ine? Kapena nane akundidikira?

Funso lomweli ndi limene akatswiri a bungwe la boma la National Institute of Environmental Health Sciences, ku North Carolina, anaganiza zolifufuza mwa sayansi. Anatsogolera ntchitoyi ndi amayi awiri, Dale Sandler ndi Clarice Weinberg.

Anasankha achemwali pa zifukwa zomveka. Mayi amene mchemwali wake anadwala khansa ya m'mawere amakhala pachiopsezo chowirikiza pafupifupi kawiri poyerekeza ndi mayi amene kumtundu kwawo kulibe matendawa. Choncho pagulu la amayi otere, ofufuza amatha kuona msanga chimene chikusiyanitsa odwala ndi osadwala. Komanso ana a mimba imodzi amafanana magazi, ndipo kawirikawiri amakulira malo amodzi.

Chifukwa china sichilembedwa m'mabuku a masamu. Munthu amene anaona m'bale wake akuthothoka tsitsi, akusanza, akudulidwa bere, satopa msanga ndi mafunso. Kafukufuku wa zaka zambiri amafa ngati anthu ayamba kuthawa. Achemwaliwa sanathawe. Kwa zaka zambiri, oposa 90 mwa 100 alionse ankayankha pamene ofufuza ankawafunsa za thanzi lawo.

Nanga zikhadabo ndi fumbi n'zachiyani? Zikhadabo zimasunga zizindikiro za zitsulo ndi michere imene yalowa m'thupi kwa miyezi yambiri. Fumbi limaulula mankhwala amene munthu amapuma m'nyumba mwake tsiku ndi tsiku. Magazi amasunga mbiri ya mahomoni ndi majini, tizinthu ta m'maselo timene timatengera kwa makolo athu.

Zonsezi anazitenga amayiwo asanadwale, n'kuzisunga bwino. Wina akapezeka ndi khansa patapita zaka 10, ofufuza amabwerera ku magazi ake akale n'kuwayerekeza ndi a mnzake amene sanadwale. Sadalira kukumbukira kwa munthu amene wasokonezeka kale ndi uthenga woipa.

Lonjezo la ku Peoria

Mphamvu ya mchemwali wotsala inali itaoneka kale m'dzikomo.

Mu 1977, mayi wina wa mumzinda wa Peoria, m'chigawo cha Illinois, dzina lake Susan Komen, anapezeka ndi khansa ya m'mawere ali ndi zaka 33. Masiku amenewo anthu sankatchula matendawa pagulu. Anamwalira mu 1980 ali ndi zaka 36, n'kusiya ana awiri.

Asanatsirizike, mng'ono wake Nancy Brinker anamulonjeza kuti adzachita chilichonse chotheka kuti amayi ena asadutse njira yomweyo.

Malonjezo a pambali pa bedi la wodwala ambiri amathera pa tsiku la maliro. Ili silinathere pomwepo. Mu 1982 Brinker anayambitsa bungwe m'dzina la mkulu wakeyo mumzinda wa Dallas, ali ndi madola 200 okha ndi katoni ya nsapato yodzaza maina a anthu oti awapemphe thandizo. Chaka chotsatira anakonza mpikisano wothamanga wotolera ndalama, ndipo kunabwera anthu pafupifupi 800.

Mu 1984 nayenso anapezeka ndi khansa ya m'mawere. Analandira chithandizo, n'kuchira.

Bungwe la Susan G. Komen lakula mpaka kukhala limodzi mwa mabungwe akuluakulu padziko lonse opereka ndalama za kafukufuku wa matendawa. Ndi lomweli limene linathandiza kafukufuku wachiwiri wotchedwa Two Sister Study, amene anaitana achemwali odwalawo, makamaka amene anapezeka ndi khansa asanakwanitse zaka 50, pamodzi ndi makolo awo, kuti banja lonse liunikidwe.

Zimene zili m'magazi, ndi zimene mulibe

Kwa nthawi yaitali, mabanja ena ankangodabwa kuti maliro a mtundu umodzi akubwerezabwereza: agogo, amayi, azakhali, kenako ana aakazi.

Mu 1990, katswiri wina wa pa yunivesite ya California ku Berkeley, Mary-Claire King, anaonetsa kuti m'mabanja otere muli jini imodzi yolakwika imene imayenda kuchokera kwa kholo kupita kwa mwana. Anali atagwira ntchitoyi zaka pafupifupi 17, ambiri akukayikira. Jiniyo inatchedwa BRCA1. Inzake, BRCA2, inapezeka mu 1995.

Majini awiriwa tonse tili nawo, ndipo ntchito yake ndi kukonza zowonongeka m'maselo. Vuto limadza munthu akabadwa ndi jini yolumala. Kafukufuku wamkulu amene anatuluka mu 2017 anapeza kuti mwa amayi 100 obadwa ndi vutoli, pafupifupi 70 amadwala khansa ya m'mawere asanafike zaka 80. Kholo limene lili nalo, kaya ndi mayi kaya ndi bambo, likhoza kupatsira mwana aliyense, ndipo mwayi wake ndi theka kwa theka.

Apa alongo asadzichotsepo. Jini yolakwika imadutsanso mwa abambo, ndipo imawonjezera chiopsezo cha khansa ya prostate ndi ya kapamba. Abambo nawonso amadwala khansa ya m'mawere, ngakhale kuti ndi ochepa: pafupifupi mmodzi mwa odwala 100.

Koma pali mfundo ina yofunika kuigwiritsa. Khansa ya m'mawere yochokera ku majini otengera kumtundu ndi yochepa, pakati pa 5 ndi 10 mwa 100 iliyonse. Amayi ambiri amene amadwala matendawa alibe m'bale aliyense amene anadwalapo.

Ndiye chimayambitsa n'chiyani mwa ambiriwo? Apa ndi pamene magazi, zikhadabo ndi fumbi la achemwali aja zinayamba kuyankhula.

Nkhani inafika mu saluni

Lowani mu saluni iliyonse Loweruka m'mawa, kaya ku Ndirande, ku Area 25 kapena ku Chipata. Fungo lokha likuuzani kuti wina akuwongoletsa tsitsi. Mankhwala oyera apakidwa mpaka pachikopa, mwiniwake akupirira kuwotcha, akuwerenga mphindi. Ena amachoka ndi zilonda pamutu.

Achemwali a ku America anafunsidwa za zimenezi, ndipo mayankho awo anagwedeza dziko.

Mu December 2019, ofufuza anatulutsa zotsatira za amayi 46,709. Amene ankapaka dayi wosachoka m'tsitsi anali ndi chiopsezo cha khansa ya m'mawere chokwera ndi 9 peresenti kuposa osapaka. Pakati pa amayi akuda amene ankapaka pa masabata 5 mpaka 8 alionse, chiopsezo chinakwera ndi 60 peresenti, pomwe pakati pa azungu chinakwera ndi 8 peresenti. Amene ankagwiritsa ntchito mankhwala owongolera tsitsi pafupipafupi chomwecho, chiopsezo chawo chinakwera ndi pafupifupi 30 peresenti.

Mu October 2022 kunatuluka zina. Gulu lotsogoleredwa ndi Alexandra White linatsatira amayi 33,497 kwa zaka pafupifupi 11, ndipo 378 mwa iwo anapezeka ndi khansa ya m'kati mwa chiberekero, osati ya khomo la chiberekero. Powerengera, anapeza kuti mwa amayi osawongola tsitsi ndi mankhwala, 1.64 peresenti akhoza kudwala khansayi pofika zaka 70. Mwa owongola koposa kanayi pachaka, chiwerengerocho chinafika 4.05 peresenti.

Mwa amayi amene ananena kuti amagwiritsa ntchito mankhwalawa, pafupifupi 60 mwa 100 anali akuda.

Ofufuzawo anachenjeza okha kuti zinthu ziwiri zikayendera limodzi sizitanthauza kuti chimodzi ndicho chabala chinzake, ndipo sanauze aliyense kuti dayi ndiye mdani yekhayo. Khansa ya m'kati mwa chiberekero ndi yosowa ndithu poyerekeza ndi ya m'mawere. Komabe zotsatirazi zinakwana kuti mu 2023 bungwe loona za chakudya ndi mankhwala m'dzikomo, FDA, lilengeze cholinga choletsa chinthu chotchedwa formaldehyde m'mankhwala owongolera tsitsi, ndipo amayi zikwizikwi anakasuma makampani kukhoti.

Kafukufuku wa Sister Study yemweyu anaunikanso za m'mbale. Mu 2019 anapeza kuti amayi odya kwambiri nyama yofiira anali pachiopsezo chokwera ndi 23 peresenti kuposa odya pang'ono.

Palibe mmodzi mwa amayi 50,884 aja amene akanatha kudziwa zimenezi payekha. Zinaoneka chifukwa anali ambiri, ndipo anapirira zaka.

Mantha ali ndi mbiri yake

Sikuti onse anathamangira kukalembetsa.

Anthu akuda a ku America ali ndi zipsera. Kuyambira 1932 mpaka 1972, ku Tuskegee m'chigawo cha Alabama, madokotala a boma anasiya dala abambo akuda mazanamazana ali ndi chindoko osawapatsa mankhwala, pofuna kuona mmene matendawo amawonongera thupi. Mu 1951, maselo a khansa a mayi wakuda, Henrietta Lacks, anatengedwa ku Baltimore iye osapemphedwa, ndipo akugwiritsidwabe ntchito m'malabotale padziko lonse.

Oyendetsa Sister Study anayenera kuyenda m'matchalitchi ndi m'magulu a amayi, kufotokoza ndi kupempha. Ngakhale anatero, amayi akuda anangokwana pafupifupi 9 mwa 100 alionse a m'kafukufukuyu. Koma popanda ochepawo, nkhani ya mankhwala a tsitsi sikanaoneka bwino.

Kwathu kunonso mantha alipo, ndipo si oseketsa. Munthu wachilendo atapempha zikhadabo zanu ndi fumbi la pakhomo panu, ambiri maganizo angathamangire kwina. Tikukumbuka mphekesera za anamapopa za mu 2017 ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo, pamene anthu osalakwa anaphedwa ndipo ogwira ntchito zaumoyo ankaopa kulowa m'midzi.

Mankhwala a mantha amenewa ndi chilungamo. Ku Malawi, kafukufuku wokhudza anthu amayenera kuvomerezedwa kaye ndi makomiti oona za ufulu wa otenga nawo mbali, monga National Health Sciences Research Committee kapena komiti ya ku Kamuzu University of Health Sciences. Munthu ali ndi ufulu womva cholinga cha kafukufuku m'chilankhulo chake, wodziwa kumene magazi ake akupita, wokana, ndiponso wosiyira panjira popanda kumanidwa chithandizo.

Mmene zilili mu Africa

Bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, likuti mu 2022 amayi 2.3 miliyoni anapezeka ndi khansa ya m'mawere, ndipo 670,000 anamwalira nayo. M'maiko olemera, amayi oposa 90 mwa 100 amakhalabe moyo patatha zaka 5 chiwapezereni ndi matendawa.

Kuno si choncho.

Kafukufuku wotchedwa ABC-DO anatsatira amayi odwala khansayi ku Namibia, Nigeria, South Africa, Uganda ndi Zambia. Zotsatira zake, zimene zinatuluka mu 2020, zinaonetsa kuti patatha zaka zitatu zokha, theka la amayiwo anali atamwalira. Ku Zambia otsala moyo anali 47 mwa 100. Ku Nigeria anali 36. Ku Namibia, m'dziko limodzi lomwelo, azungu otsala moyo anali 90 mwa 100 pomwe akuda anali 56.

Matenda ndi amodzi. Chosiyana ndi nthawi imene mayi wafika kuchipatala, ndi chithandizo chimene wapezako.

Nkhani zake timazidziwa. Chotupa sichipweteka, ndiye mayi amati chidzatha chokha. Wina amayamba wapita kwa asing'anga kapena kumapemphero. Wina amafika kuchipatala chaching'ono, n'kupatsidwa mankhwala a chithupsa. Wina amaopa kuti akamudula bere banja litha. Wina alibe ndalama yokwerera galimoto kupita ku Queen Elizabeth ku Blantyre kapena ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Pamene akufika, bere laphulika chilonda.

Za majini a amayi a mu Africa nazonso zangoyamba kumene kudziwika. Dokotala wobadwira ku Nigeria, Olufunmilayo Olopade wa pa yunivesite ya Chicago, pamodzi ndi Mary-Claire King uja ndi anzawo a ku Ibadan, anayeza amayi oposa 1,100 odwala khansa ya m'mawere. Mu 2018 analengeza kuti pafupifupi 15 mwa 100 anali ndi jini yolakwika yotengera kumtundu. Chiwerengerochi ndi chokwera, ndipo chikutichenjeza kuti zimene zinapezeka mwa azungu sizingangokopedwa n'kuikidwa pa ife.

Zina zikusintha. Zambia ili ndi Cancer Diseases Hospital ku Lusaka, imene kwa zaka zambiri inkalandiranso odwala ochokera ku Malawi. Makina owotcha khansa, amene Amalawi ankawatsatira kunja, anayamba kugwira ntchito pa chipatala china choima pachokha ku Blantyre mu 2024, kenako ku National Cancer Centre ku Lilongwe mu 2025. Pa Kamuzu Central, ofufuza a UNC Project akhala akutsatira amayi odwala khansa ya m'mawere kuti adziwe mitundu imene ikupezeka kuno ndi mmene chithandizo chikuyendera.

WHO inaika mulingo wa magawo atatu. Amayi osachepera 60 mwa 100 azipezeka matenda akadali pa siteji yoyamba kapena yachiwiri. Kuyeza konse kuzitha pasanathe masiku 60 mayi atafika kuchipatala. Ndipo osachepera 80 mwa 100 azimaliza chithandizo. Zikatheka, miyoyo 2.5 miliyoni ingapulumuke pofika 2040.

Makina okha sangatifikitse pamenepo. Pakufunika mabanja oyankhula.

Mawu kwa otsala

Pamaliro athu, wolengeza amangoti malemu adwala nthawi yaitali. Dzina la nthenda limabisidwa, ngati kuti ndi chamanyazi. Zaka zikapita, mwana wamkazi wa malemuyo amakhala pamaso pa dokotala, n'kufunsidwa ngati kumtundu kwawo kuli khansa, iye n'kuyankha moona mtima kuti kulibe.

Chinsinsi chotere chimapha.

Akuluakulu anati chibale ndi fupa, sichiola. Ngati zili choncho, udindo wa pachibale suthera pogula bokosi ndi kumanga chiliza. Mbiri ya matenda a m'bale wanu ndi chuma cha banja lonse, ndipo iyenera kufika kwa ana ndi adzukulu, a kuchimuna ndi a kuchikazi omwe.

Khalani pansi ndi azakhali ndi amalume. Funsani kuti ndani anadwala khansa, ya mbali iti ya thupi, ali ndi zaka zingati. Lembani. Ngati m'banja muli awiri kapena atatu amene anadwala khansa ya m'mawere kapena ya thumba la mazira, ngati wina anadwala asanafike zaka 50, ngati inagwira mawere onse awiri, kapena ngati inagwira mwamuna, kauzeni wachipatala zimenezi ngakhale simukumva kupweteka paliponse.

Dziwani mawere anu. Chotupa m'bere kapena m'khwapa, khungu lochita makwinya kapena tizenje, nsonga ya bere yolowa mkati, magazi kapena madzi otuluka pamene simukuyamwitsa, chilonda chosapola: chilichonse mwa izi ndi chifukwa chokwanira chopitira kuchipatala sabata yomweyo. Zotupa zambiri si khansa, koma wonena zimenezo akhale amene wakuyezani. Mukabwezedwa ndi mankhwala a ululu chotupa chili pomwepo, bwererani mukapemphe kalata yopitira kuchipatala chachikulu.

Zina zili m'manja mwathu: kuchepetsa mowa, kupewa fodya, kulimbitsa thupi, kupewa kunenepa kwambiri makamaka mayi akasiya kusamba, ndi kuyamwitsa nthawi yaitali, kumene kumateteza ndithu.

Kwa boma ndi masukulu athu a ukachenjede, pempho ndi lakuti kalembera wa odwala khansa alimbikitsidwe m'maboma onse, zotsatira za kulabotale zizituluka msanga, ndipo ndalama za kafukufuku wa amayi athu zisamangodikira alendo.

Ndipo kwa inu amene munaika m'manda mkulu wanu, mng'ono wanu kapena mlongo wanu chifukwa cha khansa: tsiku lina namwino akadzakupemphani kulowa m'kafukufuku wovomerezeka, musathawe musanamve. Funsani mafunso onse, werengani kapena akuwerengereni chikalata, ndipo mukakhutira, vomerani. M'bale wanu sangabwerere, koma ana ake ndi ana anu akufunika mayankho ochokera m'magazi a kuno kwathu.